Khola ndi nsanja yake: masiku anayi kumadzulo kwa Ireland

Lachiwiri, m'basi yopita ku Galway

Ndaweruka shifiti yausiku 8 koloko m'mawa, ndathamangira kunyumba kukasamba, ndipo pokwana 10 koloko ndinali nditaima kale pa siteji m'mbali mwa mtsinje wa Liffey, kachikwama kali kumsana. M'maso muli ngati mwathiridwa mchenga. Chaka chino ndi chachinayi ndili ku Dublin, koma njira zimene ndikuzidziwa bwino ndi zitatu basi: ya kuntchito, ya kutchalitchi ndi ya kusitolo kumene timagula ufa wa nsima.

Andituma ulendowu ndi agogo ena aamuna amene ndimawasamalira kunyumba ya okalamba. Kwawo ndi ku Connemara, dera la kumadzulo kwa mzinda wa Galway. Tulo tikawathawa pakati pa usiku amayamba kundisimbira za nyumba yamiyala ya mtundu wa O'Flaherty, kumene ankasewera ali ana, nthawi imeneyo ilibe denga. Mwezi watha anandigwira dzanja, amvekere, "Mwanawe, ine miyendo inatha. Pita ukandionere." Ndinavomera, ndipo paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Ndagona mpaka pa Athlone, pamene msewu umawoloka mtsinje wa Shannon. Kutsidya kwake dziko limasintha. Mipanda ya zitsamba imayamba kuchepa, kumabwera mipanda yamiyala yongosanjikiza popanda simenti, yoti mphepo imadutsa m'mipata yake. Ndipo apa ndi apo, pakati pa busa, pamaima chinyumba chotuwa, chachitali, chopapatiza, chopanda denga, akhwangwala akulowa ndi kutuluka. Kuno amazitcha tower house. Ine ndizingoti nsanja. Ndawerenga zisanu ndisanafike ku Galway, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe m'basimo amene anatembenuza khosi. Kwa iwo zili ngati chulu m'munda.

Ku Galway ndafika 1 koloko itadutsa. Bedi imodzi m'chipinda cha anthu 6 ndalipira ma euro 42, mtima unandiwawa koma kunalibe kuchitira mwina. Madzulo ndayenda pang'ono. Pa bwalo la Eyre Square pali mbendera 14 za mabanja a amalonda amene ankalamulira mzindawu kale. Mu msewu wa Shop Street muli nyumba ya limodzi mwa mabanjawo, Lynch's Castle, nsanja ya m'tauni yokhala ndi zosema kukhoma, ndipo lero muli banki. Anthu akutapa ndalama pansi pa miyala ya zaka 500. Amasimba kuti pa chipata chakumadzulo cha mzindawu panalembedwa pemphero lopempha Mulungu kuti awalanditse kwa a O'Flaherty olusa. Ndiye kuti mawa ndikupita kwa anthu amene mzinda wonse unkawaopa.

9 koloko yakwana koma kunja kukuwalabe. Mwezi wa Meyi kuno dzuwa limakana kulowa. Ndikugona choncho.

Lachitatu, Oughterard

Kuchokera ku Galway kukafika ku Oughterard ndi makilomita ngati 27 pa msewu wa N59. Nsanja ya Aughnanure, imene agogo aja anandituma, ili musanafike m'tauni, ndiye ndinapempha adalaivala anditsitse pafupi ndi mphambano. Anati ndikhote kumanja, ndizingotsata zikwangwani.

Sindinayende ndi mphindi 10 zomwe, mvula inayamba. Si mvula yathu ija yobwera ndi mabingu n'kupita. Iyi ndi yowaza, yopanda phokoso, yolowa m'khosi mwa jekete mwakachetechete. Msewu ndi wopapatiza, wopanda poyenda apansi, ndipo galimoto ikamabwera ndimakanirira ku mpanda. Ndinachita mantha, osati ndi anthu, koma ndi kusowa kwa anthu. Kwathu sungayende mtunda wotere osakumana ndi wa njinga, mayi wosenza nkhuni kapena ana okuthamangira. Kuno ng'ombe zokha, zikundiyang'ana.

Kenako kagalimoto kofiira kanaima. Anali mayi wachikulire, galu ali kumpando wakumbuyo. "Mukupita ku nsanja? Kwerani, mwanyowa." Ndinapepesa chifukwa cha matope a nsapato, iwo anangogwedeza dzanja. Anandifunsa kwathu, nditati Malawi anati achemwali a amayi awo anali asisitere ndipo anagwirapo ntchito kumeneko zaka zambiri. Ananditsitsa pachipata, ndalama anakana, ndipo anandipatsa ambulera yakale kuti ndisabweze.

Polowa ndinalipira ma euro 5. Njira imatsata kamtsinje ka Drimneen, ka madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo kamtsinjeko kadya thanthwe la mwala wa laimu mpaka kulowa kunsi kwake. Dzina loti Aughnanure likuchokera ku mawu a chinenero cha kuno, Achadh na nIubhar, kutanthauza munda wa mitengo ya yew. Ndi mitengo ya masamba obiriwira moderapo, yosayoyola chaka chonse. Ndinajambula umodzi wokalamba kuti ndikawaonetse agogo.

Malemu bambo anga anali mmisiri womanga nyumba. Ankati khoma ukafuna kulidziwa uyambe kuliona kuphazi. Ndiye ndisanayang'ane kumwamba ndinagwada. Kunsi khomali ndi lotambalala, limakwera mopendekera mkati kenako n'kuwongoka. Kutambalalako kumalimbitsa maziko, kumavutitsa wofuna kuboola khoma, ndiponso mwala woponyedwa kuchokera pamwamba ukagunda pamenepo umanjanjira kwa mdani. Miyala ya m'makona ndi yosema bwino, yolumana ngati zala za manja awiri, pamene ya pakati ndi yongotola, yomatidwa ndi matope a laimu. Bambo akanakhala pamenepa theka la tsiku. Nsanja zambiri zotere kale zinkapakidwa njereza kunja, ndiye kutuwa kumene tikuona lero si mmene eni ake ankazionera. Zinkayera mbee, zooneka patali.

Nsanjayi inamangidwa cha m'ma 1500 ndipo ili ndi nsanjika 6. Eni ake, a O'Flaherty, poyamba ankakhala kum'mawa kwa nyanja ya Lough Corrib, koma m'zaka za m'ma 1200 anakankhidwira kumadzulo ndi a de Burgo, ochokera mwa Anormani amene analowa m'dziko lino kudzera ku England. Chimene chandikhudza n'chakuti kamangidwe aka si ka mtundu umodzi. Mu 1429, m'nthawi ya mfumu Henry VI ya ku England, kunatuluka lamulo loti womanga nsanja m'maboma ozungulira Dublin alandire mapaundi 10, bola nsanjayo italike mamita ngati 12. Lamulolo silinkafika kuno kumadzulo. Koma mafumu a eni dziko nawonso anamanga zawo, mofanana ndi za adani awo, mpaka lero kwatsala nsanja zoposa 2,000 m'dziko lonseli, zina zathunthu, zina mabwinja. Olanda dziko ndi olandidwa ankagona m'nyumba za mtundu umodzi, aliyense akuopa mnzake.

Khomo ndi limodzi lokha. Ukaima pamenepo n'kuyang'ana kumwamba, pali kakhonde kamiyala kotulukira kunja kopanda pansi, koponyerapo zinthu pamutu pa wogumula chitseko. Ukalowa, usanapite patali, kudenga kuli chibowo china. Wothyola chitseko ankapezeka m'kachipinda kothina, munthu ali pamwamba pake ndi mwala kapena mfuti. Ndinaima pansi pa chibowocho thupi linachita tsembwe. M'makona awiri a nsanja, chapakati, mwatulukira tizipinda tokhala ndi timabowo ta mfuti, kuti pasakhale mbali ya khoma yobisalako munthu.

Masitepe ndi ozungulira ngati nkhono, okwana munthu mmodzi. Mwala ndi woterera chifukwa cha mapazi a zaka mazanamazana. Pa nsanjika yachitatu miyendo inayamba kunjenjemera, kutopa kwa mashifiti kuja kunandipeza, ndinakhala pawindo mpaka mtima utakhazikika. Ndili pamenepo ndinazindikira kuti khomalo ndi lokhuthala moti windo lenilenilo ndi kachipinda, munthu akhoza kukhalamo n'kumasoka. Zipinda zapansi ndi zamdima, mawindo ake ndi timing'alu toti dzanja lokha ndi limene lingadutse. Kumeneko kunkasungidwa katundu. Ukamakwera mawindo amakula, pamapezeka pokolezera moto, ndi chimbudzi chobooledwa m'khoma chokhala ndi ngalande yotsikira pansi. Pamwamba penipeni ndiye pali chipinda chachikulu, chowala, cha mawindo otakasuka, pansi pa denga la mitengo limene linakonzedwanso masiku ano. Kwathu mlendo wolemekezeka timamulandirira pabwalo, pansi pa mtengo, poonekera. Kuno ankakwera naye kumwamba, kutali ndi khomo. Kumeneko n'kumene mwini nyumba ankaweruza milandu, kudyetsa alendo, kumvera alakatuli ndi oimba zeze.

Koma chimene chanditsegula maso chili panja. Nsanjayi yazunguliridwa ndi mipanda iwiri yamiyala, wamkati ndi wakunja, ndipo pakati pa bwalo patsala kansanja kozungulira ka alonda, ka denga losongoka la miyala yokhayokha. Mnyamata wogwira ntchito pamalopa anandiuza kuti mpanda woterewu umatchedwa bawn, kuchokera ku mawu akuti bádhún, ndipo tanthauzo lake ndi khola la ng'ombe. Ndinamuuza abwereze. Khola! Ine ndinkaganiza za mafumu a zipewa zagolide ndi asilikali zikwizikwi, koma chuma cha anthu awa chinali ng'ombe, ndipo nkhondo yawo ya tsiku ndi tsiku inali kulandana ng'ombe usiku. Kukamveka mphekesera, ziweto ankazilowetsa mumpanda, banja n'kukwera m'nsanja. Nyumba yonseyi, ndi zibowo zake zoopsa zija, sinamangidwire kulimbana ndi gulu lalikulu lankhondo. Inamangidwira anansi obwera 20 kapena 30 mumdima.

Pamenepo ndinakumbuka malinga amene makolo athu ankamanga m'nthawi ya nkhondo ndi ya ogula akapolo. Dzina loti Linga likadalipo ku Nkhotakota. Athu ambiri anali a mitengo ndi dothi, chiswe ndi mvula zinawamaliza. Mantha anali omwewo, kungoti kuno thanthwe lili paliponse.

Chakumphepete kwa bwalo kwaima khoma limodzi lokha la nyumba yamadyerero, mawindo ake osemedwa masamba ndi mphesa mwaluso lodabwitsa. Mbali yotsalayo inagwa chifukwa madzi anadya thanthwe kunsi kwake. Pali nthano yoti pansi pake panali mwala wotembenuka wogwetsera mumtsinje mlendo wosafunika. Agogo aja anandisimbirapo kawiri, maso akuwala. Kumbali ina kuli doko louma, pamene kale mabwato ochokera ku Lough Corrib ankafika mpaka pakhoma.

Kugwa kwa nyumbayi sikunayambe ndi mizinga. Boma la mfumukazi Elizabeth I linasankha munthu wa m'banja lomwelo, Murrough na dTuadh, amene sanali wa ku nyumba yaikulu, n'kumuzindikira ngati mfumu ya dera lonse chifukwa anavomera ulamuliro wawo. Abale ake atakana, Sir Edward Fitton, woimira boma la mfumukaziyo m'chigawochi, anabwera ndi asilikali mu 1572, analanda nsanjayi n'kuipereka kwa Murrough. Ife a ku Malawi nkhani yotere sitifuna womasulira. Tikudziwa mmene atsamunda ankakwezera mfumu yowamvera n'kutsitsa yokanika, ndi mmene mabanja amakhalira osalankhulana mibadwo ingapo pambuyo pake. Kenako kunabwera nkhondo ya Cromwell, mkulu wa asilikali a ku England, cha m'ma 1650, malo analandidwa, ndipo nsanja zotere zinatha ntchito chifukwa khoma silikanapirira mizinga. Mu 1952 munthu wina wa mtundu womwewo wa O'Flaherty anaipereka nsanjayi ku boma, ndipo ndi boma limene likuisamala.

Ndatuluka 3 koloko, ndayenda wapansi mpaka m'tauni ya Oughterard, mwina makilomita 3 kapena kuposerapo. Njala inali itandipweteka. Ndadya supu wa nsomba wokhala ndi mkaka, ndi buledi wabulauni wolemera ngati chigumu, ma euro 11 pamodzi ndi tiyi. M'nyumba yodyeramo munadzaza asodzi. Ino ndi nyengo ya tizilombo touluka totchedwa mayfly, timene timatuluka m'nyanja mwezi uno, ndipo nsomba za trout zimatilusira. Bambo wina anandionetsa kabokosi kamatabwa kodzaza tizilomboto tamoyo, anati ana amatitola m'zitsamba n'kumagulitsa kwa asodzi. Ndinamuuza za nkhungu za ku nyanja yathu, zimene zimatuluka ngati utsi ndipo anthu amazigwira n'kuumba zimikate. Anaitana anzake kuti adzamve okha.

Basi yobwerera inachedwa pafupifupi ola. Ndinadikira pansi pa ambulera ya mayi aja, mapazi atazizira ngati si anga.

Lachinayi, Kinvara

Ndadzuka thupi lonse likuphwanya. Ndinaganiza zongogona, koma dzuwa linatuluka, ndipo kuno dzuwa likatuluka sutaya.

Kinvara ndi kamudzi ka doko kumwera kwa Galway Bay. Nsanja ya Dunguaire, yomangidwa mu 1520 ndi a mtundu wa Hynes, yaima pakachitunda m'mphepete mwa madzi, ndipo ndi imene imajambulidwa pa makadi ogulitsa kwa alendo. Mabasi awiri akuluakulu anali ataima, anthu akujambulana. Ndinaizungulira kunja, ndinaona mpanda wake, ndinapitirira.

Chimene ndinkafuna ndi imodzi mwa zija zosiyidwa m'mabusa. Ndinatenga kamsewu kolowera kumtunda, kumene nthaka imayamba kusanduka thanthwe lotuwa la ku Burren. Nditayenda ola limodzi ndinaiona, theka lake litakutidwa ndi zomera zoyanga, ili mkati mwa munda wa munthu. Ndinaima pageti nthawi yaitali. Kulowa m'munda wa eni popanda odi sindinaleredwe choncho, komanso munthu wakuda ali yekha m'busa la mzungu, mtima umakuuza zambiri.

Kunabwera thirakitala. Anatsika bambo wamtali, wa zaka ngati 70, atavala majombo. Ndinapereka moni, ndinafotokoza. Anandiyang'ana pang'ono, kenako anati, "Mwachokera ku Dublin kudzaona chimenechi? Tiyeni, koma muponde pamene ndikuponda ine, miyala imagwa."

M'kati munali fungo la ndowe. Chipinda chapansi ng'ombe zawo zimabisalamo mvula. Anati bambo awo ankasungamo udzu, ndipo miyala ina ya pakona inachotsedwa kalekale n'kumangira nyumba za pafupi. Masitepe anagumuka, kukwera n'kosatheka. Ndinayamba kuganiza kuti ndayenda ulendo wonsewu pachabe, pamene iwo anayatsa tochi ya foni n'kuloza kudenga.

Denga la chipindacho ndi lamiyala, lokhota ngati uta. Ndipo m'matope ouma a dengalo muli zipsera za timitengo tolukana, mizeremizere, kwina timitengo tenitenito tikadali momwemo, takuda, touma. Anandifotokozera mmene ankachitira. Pofuna kumanga denga lokhota, amisiri ankaimika mitengo, pamwamba pake n'kuyala mphasa zolukidwa ndi nthambi za msondodzi kapena za hazel, zopindidwa monga mmene dengalo lidzakhalire. Pa mphasapo ankathira matope a laimu, n'kusanja miyala. Zikauma ankachotsa mitengo ija, koma mphasa inkatsala itamatirira, kapena kusiya chithunzi chake.

Ndinayang'ana mpaka khosi linawawa. Kaluka kake ndi ka nkhokwe. Mmodzi pamwamba, mmodzi pansi, kupinda pothera, chimodzimodzi mmene agogo anga aamuna ankalukira nsungwi pabwalo mwezi wa Meyi womwe uno, chimanga chikudikira. Ndinaona pamene woluka anasowa nthambi yaitali n'kulumikiza ziwiri. Ndinaona pamene anathina kwambiri ndi pamene anatayirira, mwina dzanja litatopa. Mabuku amasunga dzina la mfumu yomangitsa ndi dzina la wolanda. Munthu uyu amene anadula nthambi m'dambo, kuzinyika, kuziluka atakhala pansi, dzina lake silinalembedwe, koma denga lonselo linagona pa ntchito yake lisanathe kudziimira lokha. Misozi inalengeza. Ndinakumbuka bambo anga, amene nyumba zawo zikadaima m'tauni mwathu zikudziwika ndi mayina a eni ake.

Ndinawaonetsa bambowo chithunzi cha nkhokwe pa foni yanga. Anachikulitsa ndi zala zawo zokhakhala, anachiyang'ana nthawi yaitali. Anati ali mwana ankaona akuluakulu akuluka madengu onyamulira turf, dothi lakuda la m'madambo limene amaumitsa n'kumasonkhera moto, ndipo kaluka kake kanali komweko.

Sanandilole kubwerera osamwa tiyi. Mayi a kunyumbako anandikhazika pafupi ndi mbaula, anandipatsa masikono otentha ndi batala wambiri, n'kumandifunsa ngati amayi anga ali moyo ndiponso ngati ndimawaimbira. Nditamaliza kapu yoyamba anathira yachiwiri osafunsa, monga amachitira azakhali anga. Kenako bambowo anandiperekeza pa galimoto mpaka pa siteji. Ndinalibe chowapatsa, kupatula paketi ya tiyi wa ku Thyolo imene ndimayenda nayo. Analandira ndi manja awiri nditawauza kuti kwathu timatero.

Usiku ndawaimbira amayi. Ndawafunsa ngati nkhokwe ija ikadalipo. Ati inagwa chaka chatha, masiku ano chimanga amathira mankhwala n'kusunga m'matumba kuchipinda, chifukwa cha akuba.

Lachisanu, Dublin

Basi ya 9 koloko, mvula njira yonse, ndagona mpaka m'tauni. Ndachapa, ndaphika nsima yoyamba m'masiku anayi, ndadya ndi kabichi ndi mazira. 8 koloko madzulo ndinali nditavala yunifolomu.

Agogo aja ndinawapeza ali maso cha m'ma 2 koloko usiku. Ndinakoka mpando, ndinawaveka magalasi awo, tinayamba kuona zithunzi chimodzichimodzi. Pa chithunzi cha denga latsopano anapukusa mutu, anati m'nthawi yawo ukaima m'chipinda chapamwambacho unkaona mitambo. Pa masitepe anaseka, anati iwo ankakwera chothamanga opanda nsapato. Titafika pa mtengo uja anakhala chete, kenako anatchula dzina la malowo m'chinenero chawo, pang'onopang'ono, mosiyana kwambiri ndi mmene ine ndakhala ndikulitchulira sabata yonse. Anandiuza ndibwereze mpaka katatu.

"Nanga mtsinje," anafunsa, "unali wodzaza?"

Ndinati unali wodzaza, agogo, mvula inagwa tsiku lonse. Anagwedeza mutu, anapempha kuti ndibwezere chithunzi cha mtsinjewo, ndipo foni anaigwira okha mpaka belu la chipinda china linandiitana.